Duku la Kapitawo

"Vulani duku langa, bambo a Leah."

"Mphindi imodzi yokha, make Leah. Musandisokoneze, kangandizindikire."

"Ndati vulani! Dzulo ndinapita nalo kumsonkhano wa amayi likununkha thukuta la mwamuna. Amayi abusa anachita kusendera kumapeto kwa benchi."

A Douglas Namakhwa, kapitawo wa anthu makumi anayi othyola tiyi komanso mkulu wa mpingo, anali chiimire pakati pa chipinda atamanga duku lamaluwa kumutu ndi chitenje cha akazi awo pachifuwa. Jombo zokha ndi zimene anali asanavule. Pakampando patsogolo pawo panali kabokosi koyera, kukula kwake ngati sopo wochapira, ndipo pamwamba pake kanyali kobiriwira kankaphethira.

Kabokosiko kanachokera kuchipatala chachikulu, kwa anthu ochita kafukufuku pa amayi oyembekezera amene ali ndi kachilombo ka HIV. M'kati mwake munali ma ARV a Teleza, mkazi wa a Douglas. Kakangotsekulidwa, kankatumiza uthenga ku kompyuta ya kuchipatala kuti lero mayi wamwa mankhwala. Anamwino anafotokoza momveka bwino kuti kanyaliko si diso, koma a Douglas anali ndi nzeru zawozawo: chinthu chodziwa kutumiza uthenga sichingalephere kuona amene wachitsekula.

"Lero Lachitatu," anatero a Douglas akukonza mfundo ya duku. "Lachitatu ndi shifiti yanga. Taonani pakhomapo."

Kuseri kwa kalendala kunali pepala lojambulidwa mizere ndi rula, longa lija amagawira anthu minda ya tiyi. Lolemba, Lachitatu, Lachisanu: bambo. Lachiwiri, Lachinayi, Loweruka: mayi. Lamulungu: lezala, pakati ndi pakati.

"Mwana ali m'mimbamu alibe shifiti," anatero Teleza. "Sisitala Mildred wa kuchipatala akuti piritsi ndi limodzi tsiku ndi tsiku, osadumphitsa."

"Sisitala Mildred anakhalapo pabanja? Abusa anati chiyani tsiku la ukwati wathu? Sanati ndife thupi limodzi? Thupi limodzi, botolo limodzi."

"Ndiye mimbayinso muzinyamula Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu."

"Mwano umenewo."

"Si mwano. Kiliniki ya pa esiteti ili apa, mukhoza kupita n'kubwerako tiyi wa m'kapu asanazizire. Kayezetseni mulandire anu. Salipiritsa."

"Ndikayezetserenji? Inu munayezetsa kale. Zimene anakupezani nazo ndi zanga zomwe."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa."

"Ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nenani ndi umenewo, ndikudziwa kuti ukubwera. Tamverani, mayi. Benchi la pakiliniki paja limadzaza ndi anthu anga, anthu amene ndimawabwezera madengu pasikelo. Ndikakhale nawo phewa ndi phewa, khadi lili m'manja? Mawa ndikauza munthu kuti tsamba ili ndi lokhwima, adzandiyankha kuti, 'Bwana, lero mwamwa?' Bongololo sadzolera mafuta pagulu, make Leah."

"Make Leah, make Leah. Leah ali kuti? Tinamusiya pansi pa mabulugama asanayambe n'kuyenda komwe. Chatsala ndi dzina loitanirana basi. Uyunso mukufuna akamupeze komweko?"

Kuseri kwa khoma, woyandikana nawo anatsokomola. Nyumba za antchito za m'malayini a pa esiteti sizinasinthe chimangireni atsamunda: chipinda chimodzi, ndi khoma loonda loti mnzako akayetsemula umayankha kuti pepani. Kale m'nyumba zimenezi ankabisamo kachasu kuopa mzungu. Masiku ano amabisamo mabotolo a mankhwala, kuopana okhaokha.

A Douglas anawerama, natsekula kabokosi, natola piritsi limodzi. "Zikomo," anauza kanyali kaja ndi mawu aang'ono achizimayi, ndipo anameza popanda madzi. Povula duku anati, "Musaiwale lumbiro lanu. Munatchula manda a mwana kuti dzina langa silidzatuluka pakamwa panu kuchipatala."

Lachisanu Teleza anakwera kabaza kupita kuchipatala chachikulu kudzamva zotsatira. Ulendo wapitawo anamutenga magazi, nameta katsitsi pang'ono kunkhongo, poti mankhwala amene munthu wamwa amasiya chizindikiro m'tsitsi. Anapeza Sisitala Mildred ali ndi mlendo: dokotala wamkulu wa kafukufuku, bambo wa magalasi amene anachita kubwera kuchokera ku Blantyre chifukwa cha iye. Dokotalayo anaimirira n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Mayi Namakhwa! Mwa amayi onse mazana awiri, inu ndinu nambala wani. Kabokosi kanu sikanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Faifi koloko yeniyeni, tsiku lililonse."

"Zikomo, adokotala."

"Koma tsitsi lanu likuonetsa theka la mankhwala. Ndipo m'magazi, kachilombo kamene kanayenera kugona kali maso. Zoterezi sitinaonepo. Anzathu akunja tawaimbira kale lamya, sakugona tulo. Mwina pali chakudya cha kuno chimene chikulimbana ndi mankhwalawa." Anatsekula fomu ya masamba khumi. "Mumadya dothi?"

"Mwa apo ndi apo."

"Tiyi mumamwa kangati?"

"Tiyi timathyola, adokotala. Womwa amachokera kugolosale."

"Dzulo munadya ndiwo zanji?"

"Kalongonda."

Dokotala anavula magalasi. "Chiyani?"

"Nyemba zathu zachilomwe zija," anathandiza Sisitala Mildred. "Zophika tsiku lonse, zoti ukapupuluma umaledzera nazo."

"Nyemba zoledzeretsa!" Dokotala analemba, nadula mzere kunsi kwake kawiri, ndipo anatuluka foni ili kukhutu.

Sisitala Mildred anatseka chitseko. Anali mayi wa imvi, wobadwira ku Makwasa, ndipo kalongonda anamudya moyo wake wonse. Anakhala pafupi ndi Teleza.

"Mwana wanga, kabokosi kamene kaja amatsekula ndani?"

Teleza anayang'ana pansi. "Munthu wovala duku langa."

"Tsiku lililonse ndi munthu yemweyo?"

"Duku ndi lomwelo."

Namwinoyo anapuma mozama. "Sindingakukakamize. Koma werenga nane. Kwatsala milungu isanu ndi itatu kuti uchire. Kachilombo kakafika tsiku limenelo kali maso chonchi, mwana akhoza kutengera. Kakagona, mwana ali ndi mwayi waukulu wotuluka bwinobwino. Kabokosi munthu angakanamize. Ine angandinamize. Koma tsitsi silinama."

Mawu amenewo anamutsatira Teleza pakabaza, kudutsa minda ya tiyi yosalala ngati bedi la alendo, lija eni nyumba sagonapo. Pakamwa pake panali pomangidwa ndi lumbiro. Koma tsitsi silinalumbire.

Loweruka lililonse madzulo Teleza ankameta amuna ake pakhonde, kukonzekera kutchalitchi. Loweruka limenelo anameta mosamala kuposa kale, ndipo posesa anatola katsitsi kodzaza chikhatho, nakakulunga m'pepala la shuga, nakabisa m'buku lake la kusikelo. Maganizo ake anali okalipereka kwa Sisitala Mildred osanena kanthu.

Sanawerengere a Victoria, achemwali awo a Douglas, amene anafika ndi mkoko wa nthochi kudzazonda mimba. A Victoria anali munthu woti akalowa m'nyumba amavundukula miphika asanapereke moni. Anatenga buku lija kuti aone tsiku lochira, ndipo kapepala kanagwa n'kumasuka.

"Mayo ine! Tsitsi! Douglas, bwera udzaone mutu wako uli m'pepala la shuga!"

Zitseko za m'layini monse zinatsekuka. Pofika mdima nkhani inali itafika kufakitale: mkazi wa kapitawo wagwidwa ndi tsitsi la mwamuna wake, akufuna kumupusitsa ndi mankhwala achikuda.

Ankhoswe anakumana Lamulungu masana, chiperoni chikuwaza padenga la malata. Kuchimuna kunali a Victoria. Kuchikazi kunabwera a Crispin Mulipa, achimwene ake a Teleza, mlimi wa nandolo wa ku Changata. A Douglas anakhala pampando atavala jekete la kutchalitchi, mutu wometedwa ukunyezimira.

"Ine sindichulutsa gaga m'diwa," anayamba a Victoria. "Mkazi wosunga tsitsi la mwamuna amafuna chimodzi: kuti mwamuna akhale chitsiru, azitsuka mbale. Anatiuza kale anthu kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Chemwali," anatero a Crispin kwa Teleza, "tsitsili ndi la alamu?"

"Ndi lawo."

"Umapita nalo kuti?"

"Afunseni eni mutu. Akudziwa." Teleza anatembenukira kwa amuna ake. "Bambo a Leah, auzeni. Mukanena ndinu, ine sindiwonjezerapo."

A Douglas anayang'ana denga ngati akuwerenga mabowo a misomali. "Za akazi ndi tsitsi ine sindizidziwa."

"Akunditcha mfiti pamaso panu."

"Ine sindinatchule munthu mfiti. Komanso sindinganene kuti achemwali akunama. Iwo ndi aakulu."

"Mwamva?" anakuwa a Victoria. "Mwana wa mayi anga, wofatsa ngati nkhosa! Ndipo zayamba kale kugwira ntchito. Woyandikana nanu wandiuza kuti anasuzumira pazenera n'kuona Douglas atavala duku ndi chitenje, akulankhula ngati mtsikana. Kapitawo wathunthu! Ukane kuti sunamudyetse!"

"Zoona zimenezo, alamu?" anafunsa a Crispin.

"Kunkazizira," anatero a Douglas.

Teleza anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. Anadzuka movutikira, dzanja lili m'chiuno, nachotsa kalendala pakhoma. Pepala la mashifiti analiika pamphasa pakati pa onse. Pambali pake anaikapo kabokosi koyera ndi lezala.

"Ndinalumbira kuti sindidzanena kuchipatala. Pano si pachipatala. Alamu, inu munapita kusukulu, werengani."

A Victoria anawerenga milomo ikugwedera. "Lolemba, bambo. Lachiwiri, mayi. Ndi chiyani ichi? Kusesa?"

"Ndi ma ARV anga. Amandipatsa kuti mwana uyu asatengere kachilombo. Achimwene anu akuopa benchi la kukiliniki, ndiye amamwa anga, masiku atatu ndi theka pamulungu. Duku amavala kuti kabokosi kaziyesa ndine. Kuchipatala akuti kachilombo kali maso, ndipo adokotala akuimba mlandu kalongonda. Tsitsi ndimati ndikawapatse aliyeze, aone okha kumene theka linalo likupita. Ufiti wanga ndi umenewo."

A Victoria anafunafuna mpaka anapeza pogwira.

"Komabe mkazi waulemu sakanaulula pagulu. Ndiponso kugawana ndi chikondi. Kodi mwamuna wako afe iwe ukumwa wekha?"

"Afe ndi chiyani, mankhwala ali mbwee kukiliniki?" A Crispin anamenya bondo. "Alamu, mwandichititsa manyazi. Mwamuna weniweni amapita kuchipatala masanasana, mutu uli m'mwamba, n'kutchula dzina lake momveka. Mwabera mwana wosabadwa! Ngakhale khoswe amadikira kuti chimanga chikhwime."

"Inu simudziwa kulemera kwa udindo," anatero a Douglas chapansipansi. "Nandolo sakuyankhani mwano. Ine ndili ndi anthu makumi anayi ndi mpingo."

"Nthawi ili bwanji, achimwene?" anafunsa Teleza.

A Crispin anayang'ana foni. "Faifi koloko."

"Lero Lamulungu. Tsiku la lezala."

Anatsekula kabokosi, natola piritsi. A Douglas, mwa chizolowezi, anabisa nkhope kuseri kwa jekete kuti kanyali kasawaone, dzanja lina atatambasula kudikira theka lawo. Teleza anaika piritsi lonse palilime, namwera madzi, nameza onse akuona. Lezala analikankhira kwa a Victoria.

"Limeneli muziwametera ndinu. Ine ndikupita kwa amayi ku Changata ndi kabokosi kanga. Bambo a Leah, mukadzakhala ndi botolo lanulanu, mudzandipeze."

Anatenga chikwama chake. Duku analisiya pamsomali.

Patapita milungu inayi, Teleza anabwereranso kuchipatala chachikulu kudzamva za magazi atsopano. Mimba inali itatsika, ndipo amayi ake anakakamiza a Crispin kuti amuperekeze. A Crispin anayesa kuzemba, akuti nandolo akufuna munthu, koma analephera. Pageti mlonda anakweza dzanja. "A Namakhwa! Mwabweranso?" Teleza anayankha moniyo, osaona kuti maso a mlondayo sanali pa iye.

Dokotala wa magalasi analiponso, nkhope ili ngwee.

"Mayi, kachilombo kagona! Sikakuoneka n'komwe. Mukapitiriza chonchi, ndipo mwana akalandira mankhwala ake akabadwa, tili ndi chiyembekezo chachikulu. Tsono ndiuzeni, kalongonda munasiya liti?"

"Kalongonda ndadya ndi dzulo lomwe, adokotala."

"Nanga mwasiya chiyani?"

"Ndasiya mwamuna."

Dokotala anatembenuza masamba onse khumi a fomu yake, kutsogolo ndi kumbuyo, koma panalibe malo olembapo zimenezo. Sisitala Mildred anayang'ana kuzenera, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Teleza anatuluka miyendo ili yopepuka. Njira yopita kugeti inkadutsa pakhonde la olandira ma ARV, pamene anthu anali ndandanda pamabenchi. A Crispin anafulumiza, chipewa atachitsitsira pamphuno. Pomwepo kalaliki anaitana pazenera.

"Crispin Mulipa!"

A Crispin anaima ngati apondedwa. Koma amene anadzuka pabenchi anali munthu wina, wa chijasi chachitali, magalasi akuda ndi chisoti chaubweya chofika m'makutu, ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Kumapazi kunali jombo zimene Teleza akanazizindikira ngakhale pakati pa jombo chikwi. Munthuyo analandira botolo pazenera, ndipo potembenuka anakumana maso ndi maso ndi mkazi wake.

"Make Leah."

"Bambo a Leah. Mwaonda."

"Ndinayamba kutsokomola. Ndinati ndibwere kuno kutali, kosadziwika." A Douglas anatambasula botolo ndi manja awiri, monga mwana woonetsa lipoti la kusukulu. "Munati botolo langalanga. Nali. Tiyeni kunyumba. Duku lanu ndinachapa."

Teleza anatenga botolo nawerenga chizindikiro chake pang'onopang'ono.

"Apa palembedwa Crispin Mulipa, wa ku Changata. Botolo ili ndi la achimwene. Ine sindingakagone nyumba imodzi ndi mlongo wanga, ndi malaulo. Bwererani pazenera mukalembetse dzina limene munanditengera."

"Mayi, anthu akuona."

"Aone. Onsewa abwerera chomwecho."

A Douglas anayang'ana a Crispin kuti mwina awakalipira za dzina lobedwa, koma a Crispin anali otanganidwa ndi nyerere ina imene inkadutsa pansi. A Douglas anavula magalasi, kenaka chisoti. Anayenda kupita pazenera monga munthu wopita kukadulidwa mwendo. Anthu a pabenchi sanadzutse n'komwe mitu. Analankhula ndi kalaliki nthawi yaitali, ndipo anabwerera nkhope itasokonezeka.

"Akuti sizingatheke."

"Chifukwa?"

"Akuti Douglas Namakhwa, kapitawo wa pa esiteti yathu, ali kale m'kaundula. Chaka chachinayi tsopano. Akuti ndi munthu wachitsanzo, sanajombepo, amabwera pa njinga ndi thumba la nandolo logawira anamwino."

Onse awiri anatembenukira kwa a Crispin. A Crispin anavula chipewa, nachipindapinda m'manja.

"Alamu, musakwiye. Ku Changata anthu amalankhula kwambiri. Ndinaona kuti dzina lanu likungokhala, simukuligwiritsa ntchito kuchipatala." Anakweza mutu pang'ono. "Koma ndalisamala bwino. Kachilombo kake kanagona kalekale."

"Inu!" anakuwa a Douglas. "Mwamuna weniweni! Mutu m'mwamba!"

"Mutu unali m'mwamba ndithu, alamu. Dzina lokha ndi limene linali lanu."

"Ndiye ine ndikhala ndani?"

"Khalani ine. Mwayamba kale."

Anayamba kukokanakokana, wina atagwira jasi la mnzake, mpaka Sisitala Mildred anatuluka kudzawalowetsa onse awiri mu ofesi kuti akamasule mafayilo, aliyense abwerere m'dzina lake. Pakhomo a Douglas anacheuka.

"Make Leah, mundidikire. Tipitira limodzi."

"Ndidzabwera mwana akabadwa, akamuyeza. Pofika nthawiyo mudzakhala mutadziwa kuti ndinu ndani."

Chitseko chinatsekeka. Teleza anakhala pamthunzi wa khonde, kabokosi kali pamiyendo, kanyali kake kakuphethira. M'mimba mwana anaponda mwamphamvu, kawiri.

"Ndakumva," anatero akusisita pamene panatukuka. "Usade nkhawa. Dzina ndidzakupatsa ndekha, ndipo usadzabwereke bambo ako kapena amalume ako."